Mbewu Si Buku: Kuunika Chigamulo cha ku Kuwait pa Umwini wa Nzeru

Tikumuthokoza Allah, Mwini kumeretsa mbewu m'nthaka, ndipo tikumupempha kuti apereke madalitso ndi mtendere kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Funso la umwini wa nzeru likadzuka m'kalasi ya fiqh, yankho limabwera msanga. Mphunzitsi amatchula chigamulo nambala 43 cha Majma' al-Fiqh al-Islami, bungwe la maulama a m'maiko a Chisilamu lomwe likulu lake lili ku Jeddah, ndipo nkhani imathera pomwepo: umwini wa buku, wa dzina la malonda ndi wa chinthu chimene munthu watulukira ndi wotetezedwa m'Shariah. Chigamulochi chinaperekedwa ku Kuwait pa msonkhano wachisanu wa bungweli, kuyambira pa 10 mpaka pa 15 Disembala 1988. Chathandiza alembi ndi amalonda ambiri. Vuto ndi lakuti masiku ano tikuchisenzetsa mtolo umene sichinamangidwire. Makampani ndi maboma akukamba za umwini wa mbewu, wa tizilombo ndi wa DNA, ndipo ena mwa ife akuganiza kuti maulama anayankha kale zonsezi ku Kuwait.

Pano tichiwerenga chigamulochi mofatsa, kenako tichiyese pa munda wa nyemba ndi mbatatesi wa kumapiri a Dedza. Maganizo anga ndi akuti chinalondola pa zimene chinakamba, koma sichikwanira kuweruza chinthu chamoyo chimene chimabereka chokha.

Zimene chigamulochi chinanena

Mfundo zake zilipo zitatu. Yoyamba: dzina la malonda, chizindikiro cha malonda, ntchito yolemba ndi chinthu chotulukiridwa ndi maufulu a eni ake, ndipo ali ndi mtengo wa ndalama chifukwa anthu a nthawi ino amawatenga ngati chuma. Yachiwiri: dzina kapena chizindikiro cha malonda chitha kugulitsidwa ngati palibe chinyengo kapena kubisa. Yachitatu: ufulu wa mlembi ndi wa wotulukira ndi wotetezedwa, ndipo sikololedwa kuuphwanya.

Kuti afike pamenepa, maulama anayenera kuwoloka mtsutso wakale wokhudza tanthauzo la mal, ndiko kuti chuma. Maulama oyambirira a madhhab a Hanafi ankati chuma ndi chinthu chogwirika chimene chingasungidwe. Phindu lopanda thupi, monga kukhala m'nyumba, silinali chuma pa lokha. A Shafi'i, a Maliki ndi a Hanbali ankaliwerengera phindu lotere m'gulu la chuma. N'chifukwa chake Mufti Muhammad Shafi wa ku Pakistan sanavomereze kugulitsa ufulu wosindikiza buku, pamene mwana wake, Mufti Taqi Usmani, amene anapereka kafukufuku wake pa msonkhano wa ku Kuwait, anaona kuti chizolowezi cha amalonda a lero chasandutsa maufulu ena kukhala chuma. Dr. Fathi al-Durayni nayenso analemba buku lonse poteteza ufulu wa wotulukira. Mzati wa chigamulochi, tsono, ndi 'urf, chizolowezi chokhazikika cha anthu. Tisaiwale mfundo imeneyi.

Tikumbukirenso chaka chake. Mu 1988 panalibe mbewu yosinthidwa chibadwa imene alimi ankagula pamsika. Soya woyamba wotere anafika kwa alimi a ku America mu 1996. Pangano la UPOV, loteteza opanga mitundu yatsopano ya mbewu, linakhwimitsidwa mu 1991, ndipo pangano la TRIPS la bungwe la zamalonda pa dziko lonse linayamba kugwira ntchito mu 1995. Ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu inayamba mu 1990. Pa mfundo zitatu zija palibe imene ikutchula mbewu kapena chamoyo chilichonse.

Ena amalumikiza chigamulochi ndi china cha ku Jeddah cha mu 1997, chimene chinaletsa kupanga munthu wofanana ndendende ndi mnzake koma chinaloleza kusintha chibadwa cha tizilombo, zomera ndi ziweto malinga ngati kukubweretsa ubwino ndi kupewa choipa. Amati: kusintha chibadwa ndi kololedwa, umwini wa chotulukiridwa ndi wotetezedwa, ndiye kuti umwini wa mbewu yosinthidwa ndi wotetezedwa m'njira ina iliyonse imene kampani yafuna. Mfundo ziwiri zoyambazo ndi zoona. Yachitatuyo ikufunika umboni wakewake, chifukwa chilolezo chopanga chinthu sichifotokoza malire a umwini wake chikagulitsidwa.

Pamene chigamulochi chikugwira bwino

Tisachilande ulemu wake. Mlimi wa kwathu kuno amaidziwa mbewu yachinyengo: chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto n'kuikidwa m'paketi ya kampani yodziwika. Amataya ndalama, feteleza ndi chaka chathunthu. Apa chigamulo cha ku Kuwait chikulankhula momveka. Dzina ndi chizindikiro cha kampani ndi chuma chake, ndipo wozigwiritsa ntchito mwabodza wabera kampaniyo komanso wanamiza wogula. Imeneyi ndi ghish, chinyengo chimene Mtumiki (SAW) anachidzudzula atapeza chakudya chonyowa chitabisidwa pansi pa mulu pamsika. Lamulo la mbewu limene Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza mu 2022 likulimbana ndi mchitidwe womwewu, ndipo Msilamu wogulitsa zipangizo zaulimi ayenera kulitsatira chifukwa cha chipembedzo chake, asanaope n'komwe chindapusa.

Chifukwa chake tikupita ku Dedza

Chimanga cha haibulidi chimadzilondera chokha. Mlimi akabzala njere za zimene wakolola, ana ake amatuluka osiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika, choncho amabwerera kusitolo popanda womukakamiza. Nyemba, soya ndi mtedza sizitero. Duwa lake limadzibereketsa lokha, ndipo mbewu yosungidwa imatulutsa mtundu womwewo chaka ndi chaka. Mbatatesi imabzalidwa kuchokera ku mbatatesi inzake, ndiye mwana amafanana ndi make m'chibadwa chonse. Pa mbewu zoterezi, wofuna kuti mlimi azigula chaka chilichonse alibe chida china koma lamulo.

Mbewu zimenezi ndizo za kumapiri a Dedza. Ku Bembeke, kumene kuli malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi, ku Chimbiya, ku Mayani ndi m'dera la mfumu Tambala kumene kuli Asilamu ambiri, nyemba ndi mbatatesi ndizo ndiwo, ndizonso fizi ya mwana. Alimi ambiri amasankha mbewu pa zokolola zawo, amagula pamsika kwa anzawo, amasinthana ndi chimanga, ena amalandira ngati malipiro a ganyu. Mayi amapatsa mwana wake wamkazi nyemba zoti akayambire pamunda wake. Funso loti mbewu ya m'badwo wachiwiri ndi ya ndani, kuno limalowa m'mphika.

Kuti tione kumene nkhaniyi ingafike, titenge mlandu wa ku America wa mu 2013 pakati pa mlimi Vernon Bowman wa ku Indiana ndi kampani ya Monsanto. Bowman anagula soya wamba kumalo ogulitsira zokolola, n'kubzala, n'kumasungako mbewu. Soyayo anali ndi chibadwa chotetezedwa ndi patenti ya kampaniyo. Bwalo lalikulu linagamula kuti kugula mbewu kumapatsa munthu ufulu woidya kapena kuigulitsa, koma kuibzala kuti ibereke ina ndi kupanga chinthu cha mwini patenti popanda chilolezo. Kodi chigamulo nambala 43 chikutikakamiza kuvomereza chiweruzo choterechi? Ndikuona mipata itatu.

Mpata woyamba: chizolowezi cha ndani?

Maulama a usul amati 'urf imagwira ntchito ikakhala yofala pakati pa anthu amene nkhaniyo ikuwakhudza, ndipo isatsutsane ndi Qur'an kapena Sunnah. Amasiyanitsanso chizolowezi cha anthu onse ndi cha gulu kapena dera. Chizolowezi chimene maulama a ku Kuwait anadalira chinali cha osindikiza mabuku, eni mafakitale ndi amalonda. Pa nkhani ya mbewu pali china, chakale kuposa chimenecho, chimene alimi a ku Dedza amagwirizana nacho ndi alimi anzawo a ku Tete kapena ku Chipata: mbewu ukagula kapena ukapatsidwa ndi yako pamodzi ndi zonse zimene idzabereke. Ngati 'urf ndiyo inapatsa mlembi ufulu wake, 'urf yomweyo ikuteteza nkhokwe ya mlimi. Sitingasankhe chizolowezi cha wogulitsa n'kutaya cha wogula popanda chifukwa cha Shariah.

Mpata wachiwiri: malonda ndi zobereka

Buku silibereka. Wofuna makope ena amayenera kupita nalo ku makina, ndipo kumuletsa kutero sikumulanda phindu limene anagulira bukulo, lomwe ndi kuwerenga. Mbewu imagulidwa n'cholinga choti ibereke. Sura ya Al-Waqi'ah, ndime 63 mpaka 65, imatikumbutsa kuti munthu amalima ndi kufesa, koma kumera kwa mbewu kuli m'manja mwa Allah.

M'fiqh, zimene chinthu chabereka zimatsata mwini wa chinthucho. A Shafi'i ndi a Hanbali anafika ponena kuti munthu akalanda njere za mnzake n'kuzibzala, mmerawo ndi wa mwini njere, pakuti ndi kukula kwa chuma chake. Malonda akatha, mwini njere ndi mlimi.

Pali hadith ya Ibn Umar (RA), yopezeka kwa Bukhari ndi Muslim, imene ikuyandikira kwambiri nkhani yathu. Alimi a tende ankathira ufa wa maluwa aamuna pa maluwa aakazi kuti mtengo ubereke bwino. Mtumiki (SAW) anaweruza kuti mitengo ikagulitsidwa ntchitoyi itachitika kale, zipatso za nyengo imeneyo ndi za wogulitsa, pokhapokha wogula atanena poyamba kuti akuzifuna. Shariah inalemekeza thukuta la wobereketsa. Koma inamupatsa zipatso za nyengo imodzi. Zipatso za zaka zotsatira ndi za wogula mtengo.

Wina anganene kuti kampani imaika sharti pogulitsa, yakuti mlimi asasungeko mbewu, ndipo Asilamu amalamulidwa kusunga zimene agwirizana. Tiyankhe m'magawo atatu. Choyamba, madhhab a Shafi'i, amene Asilamu ambiri a m'Malawi amatsata, savomereza sharti yotsutsana ndi cholinga cha malonda, monga kugulitsa chinthu n'kuletsa wogula kuchigulitsa kapena kuchipereka mphatso. Nkhani ya Barira (RA) ili pomwepo: eni ake anafuna kumugulitsa kwa mayi Aisha (RA) koma n'kusungabe ufulu wa wala', ndipo Mtumiki (SAW) anaithetsa sharti imeneyo. Zoona, Ibn Taymiyya anatsegula khomo la masharti kuposa ena, ndipo wotsata maganizo ake atha kuvomereza mgwirizano wotere pakati pa kampani ndi mlimi wamkulu amene wawerenga n'kusaina. Chachiwiri, sitinganene kuti mbewuyo yangobwereketsedwa mwa ijara, chifukwa ijara imakhala pa chinthu chimene chimatsala chikagwiritsidwa ntchito, pamene njere imathera m'nthaka. Chachitatu, sharti imamanga okhawo amene anagwirizana. Mayi amene wagula mbale ya nyemba pa msika wa Mayani sanagwirizane ndi aliyense.

Chotsala, tsono, ndi lamulo la boma. Mtsogoleri ali ndi mphamvu yoika malire pa zinthu zololedwa, koma maulama anamanga mphamvuyi ndi maslaha, ubwino wa anthu ake. Apa pakuoneka chinthu chimene chigamulo cha ku Kuwait sichinakhudze. Patenti imatha pakapita zaka 20. Umwini weniweni m'fiqh suthera pa tsiku loikika: mbuzi yako sikhala ya mudzi wonse chifukwa papita zaka zakutizakuti. Kutha kwa patenti kukusonyeza kuti ndi mwayi umene boma limapereka pofuna kulimbikitsa luso. Mwayi wotere uyenera kuyesedwa pa sikelo ya maslaha, mbewu ndi mbewu, dziko ndi dziko.

Mpata wachitatu: kutulukira kapena kupeza?

Chigamulochi chikuteteza wotulukira, koma sichikufotokoza kuti kutulukira kumayambira pati. Pa wailesi kapena injini funsoli silivuta kwambiri. Pa zamoyo ndiye pagona nkhani. Mu 1980 bwalo lalikulu la ku America, pa mlandu wa Chakrabarty, linaloleza patenti pa kachilombo kosinthidwa ndi munthu. Mu 2013, pa mlandu wa kampani ya Myriad, bwalo lomwelo linakana patenti pa zidutswa za DNA ya munthu zimene zangopatulidwa momwe zilili m'chilengedwe.

Fiqh inali kale ndi muyeso wa zoterezi. Wotsitsimutsa nthaka yakufa amakhala mwini wake chifukwa cha ntchito imene waikapo, koma wongoizungulira ndi miyala sakhala mwini. Abu Dawud ndi Tirmidhi anasimba za Abyad ibn Hammal (RA), amene anapempha Mtumiki (SAW) kuti amupatse malo a mchere a ku Ma'rib. Anapatsidwa, koma Mtumiki atauzidwa kuti mcherewo uli ngati madzi osaphwa amene aliyense amatunga popanda kukumba, anabweza mphatsoyo. Kuchokera apa maulama anati chuma cha poyera chimene anthu onse amachidalira sichiperekedwa kwa munthu mmodzi.

Nyemba zili ndi Ma'rib wakewake. Mu 1999 Larry Proctor wa ku Colorado analandira patenti pa nyemba zachikasu zimene anazitcha Enola, zochokera ku nyemba zimene anagula ku Mexico. Alimi a kumeneko anali atazilima kwa mibadwo. Bungwe la kafukufuku la CIAT linatsutsa, ndipo patentiyo inathetsedwa mu 2008, bwalo la apilo n'kutsimikiza mu 2009. Kwa zaka pafupifupi khumi, ogulitsa nyemba zachikasu ku America ankaopa milandu pa chinthu chimene makolo a anthu ena anasankha ndi manja awo.

Mtundu uliwonse watsopano umamangidwa pa mitundu yakale. Nyemba za makolo zimene zasungidwa ku nkhokwe ya mbewu ya dziko lino ku Chitedze zinasankhidwa ndi amayi amene maina awo sanalembedwe paliponse. Lero safunikanso kunyamula thumba kudutsa pa Dedza kupita kunja: DNA ya mbewu imawerengedwa, n'kutumizidwa pa intaneti ngati zilembo. Chigamulo cha 1988 chikudziwa mwini mmodzi yekha, wotulukira womaliza. Za gulu la anthu amene anayamba ntchitoyo sichinenapo kanthu.

Thukuta la katswiri lisapite pachabe

Zonsezi sizikutanthauza kuti wopanga mbewu agwire ntchito yaulere. Kutulutsa mtundu watsopano kumatenga zaka zambiri. Mlimi wa mbatatesi akudziwa mmene chiwawu chimapserezera munda nthawi ya mvula, ndiponso mmene mbewu yobwerezabwereza imafookera ndi matenda. Mitundu monga Thandizo, Chuma ndi Zikomo inatuluka mu kafukufuku wa boma mothandizana ndi bungwe la CIP lomwe likulu lake lili ku Lima, m'dziko la Peru. Popanda ntchito yotere, nkhokwe ya mlimi imasunga mbewu yotopa. Sura ya An-Nisa, ndime 29, imaletsa kudyerana chuma m'njira zopanda chilungamo, ndipo chiletsochi chimateteza katswiri monga momwe chimatetezera mlimi.

N'chifukwa chake ndikuona kuti tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Mlimi kusunga mbewu ya m'munda mwake n'kubzalanso: ndi chuma chake, ndipo sindikuona umboni womuletsa. Alimi ang'onoang'ono kugawana, kusinthana ndi kugulitsana pamsika wa kwawo popanda kunamizira dzina la kampani: 'urf ndi maslaha zili kumbali yawo. Kampani kapena wamalonda wamkulu kuchulukitsa mtundu wa mnzake n'kumaugulitsa ngati mbewu popanda chilolezo: apa chigamulo nambala 43 chikugwira, ndipo boma lili ndi chifukwa chomuletsa kwa zaka zowerengeka. Fiqh ili ndi njira zinanso zolipirira luso: ju'ala, yomwe ndi mphotho yolonjezedwa kwa amene adzakwanitse ntchito yakutiyakuti, waqf wothandiza kafukufuku, ndi thumba la boma.

Khomo likadali lotsegula

Malawi anakhazikitsa lamulo la ufulu wa opanga mitundu ya mbewu mu 2018, ndipo thonje la Bt, losinthidwa chibadwa, linafika m'minda ya alimi cha m'ma 2019. Komabe zambiri sizinatsekedwe. Monga limodzi mwa maiko osauka kwambiri, dziko lino lapatsidwa nthawi mpaka pa 1 Julayi 2034 lisanakakamizidwe kutsata mbali zambiri za TRIPS, ndipo ngakhale panganolo limalola dziko kupanga njira yakeyake yotetezera mitundu ya zomera. Malawi alinso m'pangano la maiko la 2001 lokhudza mbewu za chakudya, limene gawo lake la 9 limakamba za ufulu wa alimi. Pangano la UPOV la 1991, lomwe maiko a mu Africa akukopedwa kuti alowe, limalola boma kupatsa mlimi mwayi wobzalanso pamunda wake wokha, osati kugulitsa mbewuyo kwa anzake.

Pa 5 Disembala 2024, Malawi anakhala dziko loyamba kuvomereza pangano la WIPO la pa 24 Meyi 2024, limene limafuna kuti wopempha patenti aulule dziko kumene zamoyo zimene wagwiritsa ntchito zinachokera, komanso anthu amene anapereka nzeru za makolo. M'chilankhulo cha fiqh, kumeneku ndi kutseka khomo la tadlis, kubisa chimene chiyenera kunenedwa. Ndi sitepe yabwino, ngakhale kuti panganoli silikhudza mapatenti akale ndipo liyamba kugwira ntchito maiko 15 akalivomereza.

Abale ndi alongo ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, chigamulo cha bungwe la maulama ndi ijtihad yolemekezeka, ndipo kuilemekeza ndiko kuiwerenga mpaka pamene yalekezera. Pophunzitsa chigamulo nambala 43, tiphunzitse pamodzi ndi mutu wa masharti pa malonda, wa zobereka za chuma, ndi wa zinthu zimene anthu onse ali nazo gawo. Mashehe a m'mabungwe athu, monga Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi, angachite bwino kukhala pansi ndi akatswiri a ku LUANAR ndi ku Bembeke, ndi alimi enieni, asanapereke fatwa pa nkhaniyi, pakuti kuweruza chinthu kumadalira kuchimvetsa. Ndipo wophunzira amene akusaka mutu wa kafukufuku ayambe ndi kulemba mmene alimi a kwawo amapezera, amasungira ndi kugawirana mbewu. Imeneyo ndiyo 'urf imene mufti adzaifune, ndipo palibe amene angamulembere kuchokera ku Kuwait kapena ku Jeddah.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.